Mbiya za Dona ndi Nkhoswe Wanga

Mpaka lero munthu akandiuza kuti "n'pafupi, tipita n'kubwerako lero lomwe," mtima umandiwira. Mawu amenewo ndi amene anandithetsera banja, ine mwini ndili pa chiwongolero.

Ndinali dalaivala ku Balaka nthawi ya atsamunda, nkhondo yaikulu itangotha. Bwana wanga anali mzungu wogula thonje, koma osati Mngerezi iyayi. Kwawo kunali ku Kupro, chilumba chija timachimva m'Baibulo kuti Paulo anadutsako. Ife tinkangomutcha Bwana Sikelo, poti chala chake sichinkachoka pa sikelo. Nthawi ya msika wa thonje ndinkamuyendetsera lole, msika ukatha ndinkayendetsa bokosibode yake, galimoto yaing'ono ya anthu atatu kutsogolo ndi bokosi lonyamulira katundu kumbuyo.

Mkazi wanga Elube anali kwawo ku Chikweo ndi mwana wathu Agenesi. Ine kumeneko ndinali mkamwini, ndipo ntchito ya mkamwini n'kulima ndi kumanga pamudzi pa mkazi, osati kutumiza sopo ndi nsalu pa njinga ya ogulitsa nsomba monga ndinkachitira ine. Zaka ziwiri zinatha ndisanagwire khasu kumeneko. Kawiri ndinalonjeza kuti ndikubwera, kawiri thonje linandigwira mwendo. Ndiye mwezi wa Okutobala kunabwera kalata ya Che Ndembo, amalume ake a Elube, amene analinso nkhoswe wake. Inali yaifupi. Lachisanu la sabata yamawa mubwere ndi nkhoswe wanu tidzakambirane. Mukapanda kubwera, ife mwana wathu timumasula.

Nkhoswe wanga anali amalume anga a Lipenga a ku Ulongwe. Aliyense amene anakwatira mwa mwambo wa kwathu akudziwa kuti pa mlandu wa banja mwamuna sadzilankhulira. Ngakhale ukhale ndi pakamwa potani, umakhala pansi n'kumayang'ana zala zakumapazi, ankhoswe akulankhulana okhaokha. Choncho zofunika zinali ziwiri, kuti ine ndioneke ku Chikweo Lachisanu, ndiponso kuti amalume akhale pambali panga.

Ndinapita kwa Bwana Sikelo, chipewa chili m'manja, kukapempha masiku atatu. Sanandiyang'ane n'komwe. Anati mlongo wake ndi mwamuna wake afika pa sitima ya Loweruka kuchokera kwawo ku Kupro kudzapuma tchuti, ndipo sabata yonse owayendetsa ndine. "Udzapita mwezi wamawa," anatero. "Mkazi sathawa." Ndinafuna kumufunsa ngati kwawoko akazi amawamangirira pa chikhomo ngati mbuzi. Koma udalaivala masiku amenewo unali wosowa, ndiye ndinameza malovu n'kutuluka.

Mlamu wakeyo tinamupatsa dzina tsiku lomwe anafika, Kapepala. Anali munthu wowonda, wa tindevu ta pamlomo, wosayenda popanda pepala m'thumba la malaya. Lamulungu lonse anakhala pakhonde ndi mapu, pensulo ndi kaulusi. Ankayala kaulusiko pa mapu, kuyeza, n'kulemba. Atatha anandiitana. Tinkamvana pa Chingerezi chothyokathyoka, changa ndi chake chopunduka mofanana. Anandiuza kuti kwawo pachilumba munthu sagona panjira. M'mawa upita kuphiri kukaona tchalitchi chakale, masana udyera m'mbali mwa nyanja, madzulo uli pakhomo, mawa lake ulowera mbali ina. Kunonso afuna chimodzimodzi, tsiku lililonse ulendo wake, kupita n'kubwerako. Pa pepalapo analemba ola lonyamukira, ola la tiyi, ola la nkhomaliro, ngakhale ola lojambula zithunzi. Ine amene ndinkadziwa dzenje lililonse la misewu imeneyo sanandifunse funso ngakhale limodzi.

Lolemba tinapita chaku Ntcheu, tinabwerako tili mbuu. Lachiwiri tinawoloka Shire pa pantoni ya pa Liwonde kukaona mapiri a ku Kasupe. Tsiku limenelo pantoni tinaipeza mbali yathu, anthu okoka chingwe ali pomwepo, ndipo tinawoloka msanga. Kapepala analemba kuti pa Liwonde n'pa theka la ola. Kwa iye chinthu chikachitika kamodzi chasanduka lamulo. Ine masiku ndikuwawerenga, Lachisanu likuyandikira.

Lachitatu ndinaponya mbedza. "Bwana, kunonso tili nacho chilumba, m'nyanja ya Chiuta. Azungu ambiri sanachione." Nyanja ya Chiuta ili kuseri kwa Chikweo, ndipo msewu wake umadutsa kufupi ndi mudzi wa akazi anga. Munthu uja atamva za chilumba maso anawala. Titafika kunyumba anatenga kaulusi kake n'kuyeza.

"Tsiku limodzi?" anandifunsa.

"Tsiku limodzi, bwana. Koma likhale Lachisanu, ndi tsiku limene asodzi amakhala pagombe ndi mabwato. Ndiponso tidzere ku Ulongwe, kuli mkulu wina wodziwa njira."

Mabodza atatu mu mpweya umodzi. Sindikana, ndinanama ndine. Bwana Sikelo anali ndi lamulo loti dalaivala akapezeka atanyamula m'bale wake, ntchito yathera pomwepo. N'chifukwa chake amalume ndinawasandutsa wolondolera njira. Uthenga ndinawatumizira pa lole ya mnzanga yopita kunyanja.

Chinthu chimodzi chokha ndinanena choona. Ndinati tinyamuke tambala woyamba, chifukwa okoka pantoni pa Liwonde ndi Asilamu, ndipo Lachisanu dzuwa likafika paliwombo amasiya chingwe n'kupita kukaswali. Kapepala anaseka mpaka kutsokomola. Ati pantoni siipemphera. Analemba kuti tinyamuka seveni koloko, titatha kumwa khofi.

Tinanyamuka seveni itadutsa kale, poti dona, mkazi wakeyo, anasintha chipewa kawiri ndipo dengu la chakudya analimasula kuti aone ngati mchere ulimo. Msewu wa ku Ulongwe unali wa mabampu okhaokha ngati malata. Okutobala kuchigwa kuja si masewera, pofika eyiti koloko malaya anali atandimatirira kale kumsana.

Amalume tinawapeza pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu. Anavala jekete yawo ya ku Halale, imene ankaivala pa maliro ndi pa milandu pokha, nsapato atazipukuta, ndodo ili m'manja. Anali atayamba kudikira kusanache. Ndinatsika msanga kuti ndiwanong'oneze.

"Amalume, azunguwa akudziwa kuti inu ndinu wolondolera njira. Za ubale musatchule."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ine wolondolera njira? Finiyasi, ku Chikweo ndinapondako kamodzi kokha, tsiku la chinkhoswe chako, ndipo tinasochera."

"Muzingoloza kutsogolo ndi ndodo basi."

"Ukamwini wa masiku ano," anatero akukwera kumbuyo. "Tiyeni, bola tikafike. Mawu ndawakonza usiku wonse."

Sitinayende mtunda, Kapepala anaona mlambe waukulu n'kundigwira phewa. Ola lojambula linali lisanakwane, koma mlambe umenewu ati ngwapadera. Dona anaima uku, anaima uko, anavula chipewa, anavalanso. Kenaka anaitana amalume kuti aime pambali pa mtengowo, kuti kwawo akaone kukula kwake. Anawauza avule jekete, ati ikuononga chithunzi. Munthu wamkulu, mlongo wa mayi anga, anavula n'kuima ngati chikhomo choyezera. Pochoka pamenepo teni koloko inakwana, ndipo pa pepala panalembedwa tiyi. Anayala nsalu pansi, anatulutsa makapu. Ine ndinaloza dzuwa.

"Bwana, pantoni."

"Theka la ola," anatero akundionetsa pepala, ngati pepalalo ndi limene limakoka chingwe.

Ndipo tsoka sasimba, titangotsala pang'ono kufika pa Liwonde tayala lakumbuyo linaphwa. Munga wa mthethe, wautali ngati chala. La sipeya linali litaphulika Lolemba ku Ntcheu, ndipo Bwana Sikelo anati tidzaona mwezi ukatha. Ndinakweza jeke, ndinatulutsa chubu, ndinamata chigamba, ndipo amalume anagwira mpope n'kupopa mpaka mitsempha ya m'khosi inatuluka. Kapepala anaima pamthunzi, wotchi m'manja, kumandiuza maminiti amene ndikumutayira. Maminiti a mlambe ndi a tiyi sanawerengedwe.

Tinafika padoko pantoni ili mbali yathu ndithu, itamangidwa bwinobwino pa chitsa, koma anthu ake akusamba m'manja ndi kumapazi m'mphepete mwa madzi. Ndinathamangira kwa kapitawo wawo, mkulu wa ndevu zoyera, wovala mkanjo ndi kofia. Ndinamugwadira, ine munthu wa buluku ndi nsapato.

"Wawa, galimoto imodzi yokha. Ndili ndi mlandu kutsidya."

"Che dalaivala," anatero modekha, "mukanafika mthunzi uli apo tikanakuwolotsani. Pano ifenso taitanidwa."

Kapepala anabwera akukupiza pepala lake, kukalipa m'chilankhulo cha kwawo, kuloza wotchi, kuloza mtsinje. Kapitawo anamumvetsera mpaka anatha, kenaka anandiuza kuti, "Muwauze abwanawa kuti mtsinje suthawa." Anatenga mkeka wake n'kumapita, anzake akumutsatira. Sindinawakwiyire anthu amenewo, ngakhale pang'ono. Lachisanu lawo linali lodziwika kwa aliyense woyenda msewu umenewo, ndipo ine ndinali nditanena.

Kudikira kwa pa Liwonde ndi kumene kunandidya chiwindi. Kunalibe kamphepo. Ntchentche, fungo la nsomba zouma, mvuu zikulira chapatali. Kumbuyo kwathu kunafika lole ya mmwenye yodzaza matumba a mchere, ndi mesenjala wa boma pa njinga, amene anangotsamira mtengo n'kugona, chipewa chofiira chili pankhope. Pakati pa anthu odikirawo ndinaona Che Jafali, wogulitsa nsomba uja ankanditengera sopo ku Chikweo. Ndinafuna kumuzemba koma anali atandiona kale.

"Akamwini a ku Chikweo," anatero akuseka. "Lerotu n'lero. Dzulo ndadutsa pamudzi paja, asesa pansi pa mango, mikeka ayanika."

"Elube ali bwanji?"

"Ali bwino. Wanenepa ndi sopo wanu." Kenaka anatsitsa mawu. "Koma fulumirani. Kuli mphunzitsi wina wa ku mishoni, njinga yake yazolowera kuphwa tayala pafupi ndi chitsime chawo."

Ndinamusiya osamuyankha, poti ndikanayankha ndikanamumenya, chikhalirecho munthuyo sanalakwe.

Dona naye kudikira kunamutopetsa, ndipo mzungu akatopa amagula. Panali amayi ena akugulitsa mbiya pansi pa mtengo, zikuluzikulu zofululira mowa. Anagula zitatu, ati zikufanana ndi za kwawo zosungira mafuta. Anaonanso mtondo wa mlombwa, wolemera ngati munthu, n'kuugula ndi munsi wake womwe. Ndinati tizisiye kwa amayiwo tidzatenge pobwerera, dona anati adzamusinthira ndi zong'aluka. Tinakweza zonse kumbuyo. Amalume anawapanikiza pakona, mawondo kuchibwano, n'kuwalamula kuti azigwira mbiya zisagundane.

Anthu a pantoni anabwerako dzuwa litapendeka. Anatiyambira ife, kapitawo mwini anagwira nawo chingwe, ndipo nditamupatsa ya chiwolotso anandiuza kuti, "Mulungu akutsogolereni pa mlandu wanuwo." Tili pakati pa mtsinje Kapepala anafufuta theka la ola lija n'kulemba china. Anandiuza kuti m'dziko muno anthu sadziwa nthawi.

Kuchoka pa Liwonde msewu umakwera. Ndi mtondo, mbiya ndi anthu anayi, galimoto inkalira ngati ng'ombe yokoka ngolo. Pakati pa chitunda injini inawira, nthunzi kuti fuu. Ndinatsika ndi chigubu kukapempha madzi pamudzi wina, mayi wa pamenepo anandipatsa a mumtsuko wake womwe, otunga kutali. Tinadikira injini izizire. Pa Ntaja sitinaime, ngakhale pa pepala panali tiyi wina, chifukwa ndinanama kuti ndikaizimitsa injini siidzaliranso. Limenelo ndi bodza lokhalo limene linandithandiza tsiku limenelo. Pa Nselema tinakhota kulowa msewu wa ku Chikweo, umene kunena zoona unali njira ya njinga imene malole a thonje anaikuza.

Patsogolo pake pali mtsinje wouma, wa mchenga wokhawokha, wopanda mlatho. Ndinaudziwa. Ndi lole yopanda katundu ndinkaudutsa ndi liwiro. Ndinapempha kuti onse atsike, dona anakana, ati nsapato zake. Tinalowa, tinafika pakati, matayala anayamba kukumba, basi tatitimira. Apa aliyense anagwira ntchito kupatula eni ulendo. Amalume anavula nsapato, anapinda buluku, anathyola nthambi n'kuziyala pansi pa matayala, kenaka anaika phewa kumbuyo n'kukankha. Kachitatu galimoto inatuluka ndi mphamvu, inadumpha pa gombe la kutsidya, ndipo ndinamva kuti thyo kumbuyo. Sipuling'i yakumanzere inali itathyoka, bokosi litakhala pa tayala.

Zimenezo si zachilendo kwa dalaivala wa thonje. Ndinakweza jeke, tinadula chipika, ndinachilowetsa pakati n'kumanga ndi waya ndi luzi. Ndinauza Kapepala kuti iyenda, koma pang'onopang'ono, ndipo kumbuyo kupepuke.

"Titsitse mtondo ndi mbiya, bwana. Tibise patchire apa, tidzatenga pobwerera."

Ndinanena kamodzi, ndi mawu a mkamwa. Dona anati iyayi, zibedwa. Kapepala anayang'ana kumbuyo kwa galimoto, anayang'ana amalume amene anali atakhala pamchenga akupuma wefuwefu, n'kundifunsa kuti, "Kutsogoloku kuli mphambano zingati?"

"Palibe, bwana. Msewu ndi umodzi mpaka kunyanja."

"Ndiye wolondolera njira ntchito yake yatha. Adikire pano, tidzamutenga pobwerera."

Apa ndi pamene ndimadzitukwana mpaka lero. Panali pongotsegula pakamwa n'kunena kuti bwana, awa ndi amalume anga, popanda iwo ulendo wangawu ulibe mutu. Mawu ake anali ochepa chabe. Koma ndinaona nkhope ya Bwana Sikelo, ndinaona laisensi yanga, ndinaona ndikubwerera kumudzi wopanda ntchito. Ndinadzinamiza kuti ndikawatula azunguwa kunyanja ndibweranso msanga kudzawatenga.

"Akuti bwanji?" amalume anandifunsa.

"Akuti mudikire pano. Ndibwera kudzakutengani."

"Wawauza kuti ndine ndani?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, osakwiya, ndipo kusakwiyako ndi kumene kunandipweteka. Anapita ku galimoto, anatenga jekete ndi ndodo yawo, anakonza udzu umene unali pakati pa mbiya kuti zisagundane poti wozigwira palibenso, n'kukakhala pa muzu wa mtengo. "Pita," anatero. "Dzuwa likuthawa."

Kuchokera pamenepo mpaka kunyanja panali mamailosi ngati khumi, ndipo ndinawayenda ngati ndanyamula mazira. Tinadutsa panjira yolowera kumudzi kwa Elube, ndinaona denga la nkhokwe yawo, osaima. Kunyanja tinafika dzuwa lili pamwamba pa mitengo. Okutobala madzi a Chiuta amathawira kutali, ndiye tinapeza matope ouma, bango, ndi kaphiri kakuoneka mwa chizimezime kutsogolo. Bwato panalibe ngakhale limodzi. Ndinawayalira nsalu, ndinawatsitsira dengu, n'kunena kuti ndikukafuna madzi a injini. Kapepala anandipatsa ola limodzi pa wotchi yake.

Ola limodzi. Kupita kwa amalume ndi kubwera, ndi sipuling'i ya chipika, panafunika maola awiri, ndipo petulo anali woyeza. Kumudzi kunali pafupi. Ndinaganiza kuti akandiona nkhope, akaona kuti ndabwera ndithu, ndiwapempha adikire pang'ono. Ndinakhotera kumudzi.

Anali akadali pansi pa mango. Che Ndembo pa mpando, akuluakulu ena awiri pa mkeka, apongozi anga aakazi chapatali kuseri kwa nkhokwe atatembenukira kumbali monga mwa ulemu wathu. Elube anakhala pa mkeka wake yekha, Agenesi ali pamiyendo. Mwanayo atandiona ndikutsika anabisa nkhope m'nsalu ya mayi ake. Sanandidziwe.

Ndinavula chipewa, ndinakhala pansi, ndinaomba m'manja.

"Mwafika, akamwini," anatero Che Ndembo.

"Ndafika, wawa."

Koma maso a onse sanali pa ine. Anali pa galimoto, kudikira kuti wina atsike. Kumbuyo kunkaoneka milomo ya mbiya zitatu ndi mtondo.

"A Lipenga atsika nthawi yanji?"

"Akubwera, wawa. Atsala pa mtsinje wa mchenga uja. Galimoto inathyoka sipuling'i, ndiye kunafunika kupepuza."

"Atsala, kapena mwawatsitsa?"

"Mzungu ndi amene analamula."

"Inu munali kuti?"

"Ndinali pomwepo."

Mmodzi wa akuluakulu aja anadzuka, anapita ku galimoto, anasuzumira, anagogoda mbiya imodzi ndi chala, n'kubwerera kudzakhala pansi.

Che Ndembo anakonza kofia yawo. "Ine ndi inu sitingakambe mlandu, sindinu nkhoswe. Koma poti mwayenda mtunda, ndikuuzani chimene tinagwirizana m'mawa muno. Mwana wathuyu anatichonderera. Anati ntchito ya mwamuna wanga ndi ya pamsewu, sangalime kuno, mundilole ndimutsatire. Mayi ake analira, koma tinavomera. Tinati a Lipenga akafika n'kupepesa za zaka ziwirizi, timupereka chitengwa, apite nanu ku Balaka."

Chinthu chimene ndinkachiopa kuchipempha, anali atachikonza kale, chikungodikira pakamwa pa amalume.

"Wawa, ndipatseni mpaka mawa. Ndikawatenga pompano."

"Dikirani. Ndikufunseni ngati munthu wapanjira. A Lipenga ndi mlongo wa mayi anu. Anadzuka kusanache kuti adzakulankhulireni. Mwawasiya pamchenga, dzuwa la lero lomweli, mbiya n'kukhala m'galimoto. Nanga mwana wathuyu akadzadwala ku Balaka, kopanda mayi ake, mzungu n'kunena kuti tiye paulendo, mudzamusiya pati?"



Che Ndembo anatembenukira kwa Elube. "Wamva wekha. Tidikire mawa?"

Elube sanandiyang'ane. Anali akukonza mkanda wa m'khosi mwa mwana. "Musadikire, amalume," anatero chapansipansi. "Ine ndikumvera chisoni a Lipenga." Anadzuka, anabereka Agenesi, anapinda mkeka wake n'kulowa m'nyumba. Che Ndembo anati mawu otsiriza adzatumiza okha ku Ulongwe kwa nkhoswe mnzawo, monga mwa mwambo, ndipo mwana ndikafuna kumuona khomo n'lotsegula. Ndinapempha madzi, wina anandibweretsera m'chigubu changa, poti azungu aja ndinali nditawauza kuti injini ikufuna madzi.

Kunyanja ndinapeza Kapepala ataima, wotchi m'manja. Ndinachedwa ndi maminiti khumi, ndipo anandiuza katatu. Anati chilumba changa n'chulu, kwawo sangachitche chilumba, ndipo ndine wabodza. Pa zonse zimene analankhula sabata imeneyo, chimenecho chokha ndi chimene analondola. Anatulutsabe pensulo n'kuchonga pa pepala kuti Chiuta waona.

Tinabwerera dzuwa likulowa. Ine maganizo anali pa muzu wa mtengo uja, kuti ndikawauza chiyani. Koma sitinafike n'komwe theka la njira, ndinaona munthu akubwera pakati pa msewu, akutsimphina. Anali amalume. Sanadikire. Anayenda wapansi mtunda wonsewo kulowera ku Chikweo, jekete atavala, mabatani onse atamanga, nsapato zili m'manja poti zinawatupitsa matuza. Ndinaimitsa galimoto n'kutsika.

"Ndayesetsa kufulumira," anatero akupuma movutika. "Akadali pansi pa mtengo? Tiye, mawu ndikadali nawo."

"Zatha, amalume."

"Zatha bwanji, ine ndisanalankhule?"

"Andifunsa kumene ndakusiyani."

Kumbuyo kwanga hutala inalira. Kapepala anali atatambasula dzanja pa chiwongolero changa, akuimba, kuloza wotchi.

Sindikumbuka kuti ndinaganiza chilichonse. Ndinapita kumbuyo kwa galimoto, ndinaukumbatira mtondo uja n'kuugubuduzira kunja, unagwa kuti di n'kulowa m'tchire. Munsi ndinauponya kutali. Mbiya yoyamba ndinaitsitsa bwino, yachiwiri inandipulumuka n'kusweka, yachitatu ndinachita kuiponya dala. Dona anayamba kulira. Kapepala anatsika akukuwa kuti ntchito yanga yatha, akandinenera kwa mlamu wake, akandimangitsa. Ndinamuyankha m'Chichewa, mokweza, kuti awa ndi amalume anga, mlongo wa mayi anga, ndipo ngati safuna kukwera nawo ayende wapansi mpaka ku Kupro, ayeze ndi kaulusi kake. Sanamve liwu ndi limodzi lomwe, koma anaona nkhope yanga, anayang'ana tchire likuda mbali zonse, anakumbukira kuti kuyendetsa galimoto sadziwa, ndipo anabwerera pampando wake mwakachetechete. Ntchito inathadi Lolemba lake.

Ndinayala nsalu ya tiyi ija kumbuyo, ndinawagwira amalume mkono kuti akwere. Anakhala pansi, anatambasula miyendo m'bokosi lopanda kanthu, anayang'ana mapale a mbiya ali mbwee pamsewu, kenaka anayang'ana ine.

"Mphamvu unali nazo ndithu, mphwanga," anatero. "Ukanazitulutsa masana paja, bwenzi pano tikubwerera ndi mkazi wako."